Chilembwe ndi Aroma 13: zokambirana pa gulu la Akhristu a ku Mulanje ndi Thyolo

Amake Tadala (Chisitu): Mwaswera bwanji abale ndi alongo. Ndili ndi funso, ndipo ndikufuna yankho la m'Baibulo, osati la ndale. Mwana wanga wa Fomu 2 wamva kuti pa 15 Januwale kulibe sukulu chifukwa cha John Chilembwe, ndiye wandifunsa kuti, "Amayi, mbusa amene anthu ake anadula munthu mutu, bwanji nkhope yake ili pa ndalama ndipo kutchalitchi timamupempherera ngati ngwazi?" Ine kukamwa yasa. Kumvano mwezi wathawu tinaphunzira Aroma 13, kuti tizimvera olamulira. Nanga Chilembwe sanachimwe?

Achimwene a ku Luchenza: Mwanayo mumugulire Fanta kkkk. Funso limenelo pa guwa simudzalimva. Chaka ndi chaka makwaya kuimba, akuluakulu kuyankhula ku PIM, mishoni ya Chilembwe ija, kenako aliyense kwawo.

Abusa Opuma (Bvumbwe): Mayi, mawuwo alipodi ndipo sitingawafufute. Akuti anthu onse amvere maulamuliro a akulu, pakuti palibe ulamuliro wina koma wochokera kwa Mulungu. Paulo sanalembe zimenezi pansi pa boma lokoma. Analembera Akhristu a ku Roma pamene Nero anali pa mpando. Ambuye mwini ku Getsemane anauza Petro kuti abweze lupanga m'chimake (Mateyu 26:52), pamene womangidwa mopanda chilungamoyo anali Mwana wa Mulungu. Chilembwe ndimamulemekeza pa sukulu zake ndi pa kulimba mtima kwake. Koma za usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene anthu ake anaukira azungu, ine sindingaziikire kumbuyo.

Aphunzitsi a Mbiri (Thyolo): Abusa, ndi ulemu wonse, nkhani tisaiyambire pa usiku umenewo. Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, anaphunzira ku Lynchburg ku Virginia, ndipo mu 1900 anabwera kudzayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe ku Chiradzulu. Zaka zoposa 14 munthuyu sanagwire mfuti yomenyera nkhondo. Ankatsegula sukulu, amayi ankaphunzira kusoka, anamanga tchalitchi cha njerwa chimene azungu omwe ankachiona ndi maso awiri. Ankakhulupirira kuti munthu wakuda akaphunzira, navala bwino, nagwira ntchito molimbika, mzungu adzamuyesa munthu.

Pafupi pomwepo panali minda ya A. L. Bruce ya ku Magomero. Bruce wamkuluyo anali mkamwini wa David Livingstone, taganizani, dzina lomwelo limene timalitchula tikamakamba za kutha kwa ukapolo. Woyang'anira minda anali William Jervis Livingstone. Kumeneko kunali thangata weniweni. Munthu ankagwira mwezi wolipirira malo amene akukhalapo, mwezi wina wa msonkho wa nyumba, koma mweziwo unkatalika monga afunira mzungu, chifukwa tsiku limene sunamalize ntchito silinkalembedwa pa tikiti. Chikoti chinalipo. Nyumba zopemphereramo zimene anthu a Chilembwe ankamanga pa malo a esitetiyo zinkatenthedwa. Ndipo ogwira ntchito ambiri anali Alomwe ongofika kumene kuchokera ku Mozambique, makolo a ambirife pa gulu lino, anthu amene analibe munda wawowawo kapena mfumu yowayankhulira. Ukakana thangata unkapita kuti?

Kenako nkhondo ya 1914. Anthu akuda anafa ku Karonga pa mkangano wa Angelezi ndi Majeremani. Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti osauka akufera nkhondo yosawakhudza, kusiya akazi amasiye ndi ana. Boma linaitsekereza kalatayo. Ndiye munthu anayamba walankhula, nalemba, zitseko zonse n'kumutsekera.

Mnyamata wa ku Makwasa: Booth ameneyo kwathu kuno timamudziwanso. Malamulo inayamba ngati Plainfield Mission, yoyambitsidwa ndi iyeyo. A Adventist anaitenga mu 1902, ndipo mmishonale woyamba anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Dzina loti Malamulo linabwera mu 1907. Koma lamulo lachisanu ndi chimodzi likuti usaphe, ndipo silinanene kuti pokhapokha ukatopa.

Abusa Opuma (Bvumbwe): Aphunzitsi, zonse mwanenazo ndi zoona. Tsopano nenaninso zinazo. Mutu wa William Livingstone, woyang'anira minda uja, unaikidwa poonekera pa mapemphero a Lamulungu, Chilembwe akulalikira. Patapita masiku owerengeka anthu ake anatentha mishoni ya Akatolika ku Nguludi, wansembe n'kuvulazidwa koopsa. Wansembe ameneyo anamenyapo ndani ndi chikoti?

Aphunzitsi a Mbiri (Thyolo): Sindibisa, ndipo m'kalasi ndimanena. Azungu atatu anaphedwa. Akazi ndi ana awo anagwidwa koma sanavulazidwe, anabwezedwa amoyo. Gulu lina linapita ku Mandala ku Blantyre kukafuna mfuti, silinapeze zokwanira. Tsono muone kubwezera kwake. Tchalitchi cha ku Mbombwe chinaphulitsidwa, anthu makumi angapo anaphedwa ndi boma pambuyo pa milandu yothamanga, mazana anatsekeredwa. Mmodzi mwa ophedwawo anali John Gray Kufa, munthu wodalirika wa Blantyre Mission wodziwa zachipatala, osati wa PIM ayi. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale kuno ku Mulanje akulowera ku Mozambique, ndipo anaikidwa mobisa. PIM inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malikebu anadzaitsegulanso. Magazi onsewo nawonso ndi a Aroma 13?

Amake Tadala (Chisitu): Mbiri ndaimva, zikomo. Koma simunandiyankhebe. Anachimwa kapena ayi?

A Katekisiti (Limbuli): Mayi, vuto lathu ndi loti timawerenga ndime yoyamba n'kutseka buku. Pitirirani mpaka ndime 3 ndi 4. Paulo akuti wolamulira ndi woopsa kwa ochita zoipa, osati kwa ochita zabwino, ndipo ndi mtumiki wa Mulungu wokuchitira iwe zabwino. Pamenepo akufotokoza ntchito imene Mulungu anapatsa boma. Nanga boma likatembenuka, n'kumaopseza ochita zabwino? Chivumbulutso 13 chikukamba za ulamuliro wasanduka chilombo chofuna kupembedzedwa, ndipo akatswiri ambiri amati Yohane ankaona Roma yemweyo. Petro ndi anzake anauza akulu a bwalo kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu (Machitidwe 5:29). Azamba aja, Sifra ndi Puwa, anakana lamulo la Farao lopha ana aamuna, Mulungu n'kuwachitira zabwino. Ndiye kusamvera boma pakokha si tchimo nthawi zonse.

Koma taonani kuti onsewa anakana, sanaphe. Kukana ndi kupha ndi nkhani ziwiri. Ine mwana ndingamuuze kuti Chilembwe ankalira kulira koona, ndipo kukana kwake kunali koyenera, koma mutu wa munthu pamalo opempherera sungayeretsedwe ndi vesi lililonse.

Achimwene a ku Luchenza: Nanga Mose sanaphe Mwaigupto womenya Mhebri? Ehudi sanabaye mfumu Egiloni ya Moabu (Oweruza 3), Baibulo n'kumutchula mpulumutsi? Inu mumakonda anthu oponderezedwa akamafa mwakachetechete, chifukwa maliro otero ndi osavuta kulalikira.

Abusa Opuma (Bvumbwe): Mwana wanga, Baibulo likafotokoza chinthu sindiye kuti lalamula. Mose atapha anathawira ku Midyani, ndipo Aisraeli sanatuluke ku Igupto ndi dzanja limene linapha lija. Komanso kunena kuti timakonda anthu akamafa, pamenepo mwapitirira.

Achimwene a ku Luchenza: Pepani Abusa, pakamwa panathamanga. Mfundo yokhayo ndiye sindibweza.

Mdzukulu wa Anganga (Muloza): Anganga anga ndimawawerengera za pa gulu lino madzulo. Akuti ndilembe mawu awo monga akunenera.

"Ana inu mukukangana za 1915 zomwe palibe mwa inu anaziona. Ine ndinene za 1972, zomwe ndinaona ndi maso angawa. Kuseri kwa nyumba yathu kunali banja la Mboni za Yehova. Chiphunzitso chawo ine sindinagwirizane nacho, mpaka lero. Koma anali anthu aulemu, msonkho ankapereka, mbuzi ya munthu sankaba. Mlandu wawo unali umodzi, kukana kugula khadi la chipani. Masiku amenewo popanda khadi sunkalowa mumsika, basi sunkakwera, ndipo ena ankagulira ndi makanda omwe.

Anyamata a chipani anabwera masana, osati usiku. Anayamba ndi nkhokwe, kenako nyumba. Bamboyo anamumenya mpaka sankatha kuima, iye osabweza, osatukwana. Zimene anachita kwa mayiyo sindinganene pa foni ya mdzukulu. Kutada anawoloka mtsinje kupita ku Milange, ana kumsana, opanda ndi mphika womwe. Anyamata amenewo sanachokere ku Lilongwe. Anali a m'mudzi mwathu, ena ankaimba nafe kwaya. Lamulungu lotsatira tinavala zoyera, ndipo amene analalikira anawerenga Aroma 13 womwewo, kuti wokana ulamuliro akukana choikika ndi Mulungu. Tinavomera kuti ameni. Munda wa anthu aja unagawidwa, ndipo amene analimamo ankadya mgonero patsogolo panga.

Ndiye mukamati Mkhristu woona amakana osapha, dziwani kuti anthu otero analipo kuno, ndipo ife sitinawayese Akhristu. Tinkawatcha zigawenga."

Atero anganga.

Amake Tadala (Chisitu): Ambuye atichitire chifundo. Amayi anga ankangoti "kunali mavuto", osafotokoza.

Aphunzitsi a Mbiri (Thyolo): Anganga akunena zoona, ndipo sikunali ku Muloza kokha. Mboni zinaletsedwa mu 1967. Mu 1972 msonkhano waukulu wa MCP unagwirizana zoti achotsedwe ntchito ndi kuthamangitsidwa m'midzi. Zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique, ndipo mu 1975 nkhanza zinabukanso. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Kumbukiraninso kuti Dr Banda anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland ndipo ankanyadira zimenezo. Pa ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, panalibe chovuta kuti mlaliki atenge "kumvera" n'kukulumikiza ndi Aroma 13. Chodabwitsa ndi ichi: boma lomwelo linkatama Chilembwe chifukwa chokana atsamunda, uku likuzunza anthu okana khadi.

Bambo a Yamikani (Mulanje Boma): Tisamangonyoza. Nthawi ya Kamuzu kunali mwambo, ana ankaopa akulu, feteleza ankapezeka ku ADMARC. Nkhanzazo sindikuvomereza, koma khadi linali la matambala ochepa. Yesu anati perekani kwa Kaisara zake za Kaisara. Akanangogula, ana awo sakanagona kutchire.

A Katekisiti (Limbuli): Bambo, vesilo limamaliza ndi kwa Mulungu zake za Mulungu. Msonkho ndi wa Kaisara, ndipo anganga anena kuti ankapereka. Khadi silinali msonkho, linali chizindikiro choti mtima wako uli ku chipani. Kwa iwo chimenecho chinali cha Mulungu. Sadrake, Mesake ndi Abedinego kugwada kamodzi kokha sikukanawatengera ndalama iliyonse (Danieli 3). Mungatsutse kamasuliridwe kawo, ine ndemwe ndimatsutsa zambiri, koma chikumbumtima cha munthu sachiyesa ndi matambala.

Bambo a Yamikani (Mulanje Boma): Chabwino, koma mwambo uja ndimaukumbukabe.

A Katekisiti (Limbuli): Ndipo tisaiwale kuti mpingo unadzayankhula. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika dziko lonse. Ndinali mnyamata, ndikukumbukira anthu akuyang'anana, ena kuwomba m'manja, ena kutuluka mwakachetechete kuopa kuti awerengedwa. Inakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, sukulu ndi zipatala, kumanga anthu popanda mlandu, ndiponso mantha oletsa munthu kunena maganizo ake. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu. Archbishop James Chiona ndi anzake anafunsidwa ndi apolisi, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa. Palibe mfuti imene maepiskopi anagwira. Pa 14 Juni 1993 anthu anavotera zipani zambiri.

Abusa Opuma (Bvumbwe): A CCAP nawonso anatsatira chaka chomwecho, ndipo bungwe la Public Affairs Committee (PAC) linabadwa, muli Akhristu ndi Asilamu. Imeneyo ndiye njira imene ine ndimaikhulupirira. Chilembwe ndi mikondo anatha m'masabata awiri, thangata n'kupitirira mpaka 1962. Pepala la maepiskopi linagwedeza boma la zaka pafupifupi 30.

Achimwene a ku Luchenza: Kuchokera 1967 kufika 1992 ndi zaka 25, Abusa. Nyumba za Mboni zikupsa, kalata inali kuti? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Komanso maepiskopi anali ndi Vatican kumbuyo, BBC inkaulutsa, nkhondo ya mawu ya America ndi Russia inali itatha, ndipo mayiko opereka thandizo anali atatopa. Mlomwe wa ku Magomero mu 1915 akanalembera ndani? Amene analemba kalata m'malo mwake anali Chilembwe, ndipo mwamva chimene boma linachita nayo.

Achemwali a ku Joni: Kuno ku Johannesburg nkhani yake ndi yomweyo. Mpingo wa Dutch Reformed unkaikira kumbuyo tsankho ndi Baibulo, ndipo Aroma 13 ankawerengera anthu akuda. Mu 1985 abusa ena analemba chikalata cha Kairos chotsutsa kugwiritsa ntchito chaputala chimenechi motero. Ine ndimangoona kuti vesili limakoma kwambiri m'kamwa mwa amene ali pa mpando. Akachoka pampando amayamba kukonda Eksodo.

Achemwali Othyola Tiyi: Ine sukulu sindinapite patali, koma ndilankhuleko. Zakale mwakamba, nanga za lero? Ndimadzuka kusanache, dengu kumsana, mvula ikugwa, mame mpaka m'chiuno. Pa sikelo makilogalamu amene ndikuona ine ndi amene akulembedwa nthawi zina sagwirizana, akuti achotsa a madzi. Ukafunsa, nyengo yotsatira dzina lako silituluka. Kapitawo amene amatilembayo ndi mkulu wa mpingo kwathu, ndi amene amatigawira mgonero. Chibadwire sindinamve ulaliki wa pa Yakobo 5:4, pamene akuti malipiro a antchito amene munawamana akufuula ndipo kulira kwawo kwafika m'makutu a Ambuye. Vesi limenelo anandionetsa ndi mwana wanga. Koma Malaki 3:10 wa chakhumi ndimamudziwa pamtima, mwezi ndi mwezi amabwera.

Mnyamata wa ku Makwasa: Apa ndiye mwalasa, achemwali. Onjezani nkhani ya malo. Kwathu banja la anthu asanu ndi awiri likulima kachigawo kosakwana ekala m'mphepete mwa phiri, kutsidya kwa msewu tiyi mpaka kumene maso alekezera. Ndikawerenga za Naboti ndi munda wake wamphesa (1 Mafumu 21), kapena Levitiko 25:23 pamene Mulungu akuti dziko ndi langa, lisagulitsidwe mpaka muyaya, ndimaona Thyolo.

Aphunzitsi a Mbiri (Thyolo): Malo ambiri amenewo anapita m'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston ankapereka zikalata zotsimikiza umwini kwa azungu amene anati anagula kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Tiyi ku Mulanje anayamba kudzalidwa mu 1891 ndi Henry Brown ku Thornwood, ndipo mbewu yake inachokera ku munda wa Blantyre Mission. Ndiye mishoni ndi esiteti zinayendera limodzi kuyambira pachiyambi, ngakhale amishonale ena monga David Clement Scott ankakangana ndi boma la atsamunda poyera. Mu 1953 kuno ku Thyolo kunabuka zipolowe, mkwiyo wa malo ndi wa chitaganya utasakanikirana, ndipo anthu anafa.

Abusa Opuma (Bvumbwe): Apa tiyende mosamala. Naboti anaphedwa ndi mboni zonama kuti Ahabu atenge munda, ndipo Eliya anapita kukayang'anizana ndi mfumu maso ndi maso. Sanauze anthu kuti akazule mpesa usiku. Ndikunena izi chifukwa ndaonapo anyamata akulowerera malo a esiteti Baibulo lili m'manja, mapeto ake kundende, amene anawatuma ali phee kunyumba. Komanso tiyi yemweyo ndi amene akudyetsa mabanja ambiri kuno, fakitale ikatseka sitipita kukadya vesi. Koma za sikelo, mwana wanga, pamenepo palibe chozungulira. Miyambo 11:1 ikuti muyeso wonyenga unyansa Yehova. Aroma 13 sakukamba za kapitawo, ndipo ngakhale akanakamba, sapereka chilolezo chobera wantchito. Ngati mkulu wa mpingo akudya thukuta la nkhosa zake, imeneyo ndi nkhani ya mpingo isanakhale ya ofesi ya zantchito.

Achimwene a ku Luchenza: Ndiye Abusa mwafika pamene anayambira Chilembwe kkkk. Nayenso anayamba ndi kudandaula mwaulemu.

Abusa Opuma (Bvumbwe): Pamene anayambira, inde. Pamene anathera, ayi. Tisiyana pamenepo, ndipo mwina tidzafa tikusiyana.

Achemwali Othyola Tiyi: Abusa, kunena ndi kosavuta. Ndikakaima pamaso pa akulu a mpingo ndine ndekha, mzimayi wosaphunzira, iwo amuna okhaokha ndipo theka amagwira kuesiteti komweko. Mawa lake ndikapezeka ndilibe ntchito, ana anga mudzawadyetsa ndinu?

Abusa Opuma (Bvumbwe): Funso lanu ndi lolemera, ndipo sindikulonjezani kuti sizingachitike. Musapite nokha. Mateyu 18 akuti muyambe mwamuona mwini wake, akakana mutenge mmodzi kapena awiri, kenako mpingo. Kuyambira mawa, inu ndi anzanu amene mumakhulupirirana muzilemba m'kope makilogalamu a tsiku lililonse, amene mwaona pa sikelo ndi amene alembedwa. Mufunsenso a bungwe la ogwira ntchito kuti lamulo lochotsa a madzi limati chiyani kwenikweni, chifukwa mwina kuchotsako n'kololedwa koma mlingo wake ndi umene ukupitirira. Mukasonkhanitsa za mwezi wathunthu munditumizire kumbali, osati pa gulu. Abusa a kwanuko ndikalankhula nawo ndekha, dzina lanu osalitchula.

A Katekisiti (Limbuli): Ndipo pa gulu pano pasapezeke wotumiza zimenezi kwina. Tikudziwana.

Amake Tadala (Chisitu): Achemwali, mng'ono wanga amathyolanso tiyi, ndimufunsa ngati kwawo zimachitika. Tsiku lokaonana ndi akulu a mpingo mundiuze, ndibwera nditavala za Mvano ndidzakhale pambali panu.

Achemwali Othyola Tiyi: Kope ndilibe, koma ndigula Loweruka tikalandira. Kulemba adzandithandiza mwana.

Achimwene a ku Luchenza: Kopelo ndigula ndine, ndi bolopeni yomwe. Ndikupatsirani kondakitala wa minibasi ya m'mawa, mungondiuza siteji imene mumatsikira.